Ababa Akusiya Chakudya M'mbale

Giessen, Jeremani
9 Febuluwale 2003

Okondedwa ababa ndi amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Manjako, pamodzi ndi achimwene a Kingsford ndi alamu anga ku Bangwe. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira sikunathebe. Ndimavala masokosi awiriawiri, koma ndikamafika kusukulu zala zimakhala zitachita dzanzi.

Amayi, m'kalata yanu yapitayi munadandaula kuti anzanu akakufunsani zomwe ndikuphunzira mumasowa choyankha. Ndiyesa kufotokoza, koma musaseke.

Kuno kuli anthu ambiri, makamaka atsikana, amene amaopa kunenepa. Chakudya chilipo, njala akuimva, koma amadziletsa dala. Ena amapirira sabata yonse, kenako tsiku lina amalephera kudzigwira, n'kudya mpaka kudwala, n'kuyamba kulira. Ena amafika pogonekedwa m'chipatala. Kuti madokotala awazindikire msanga anthu otere, pali mafunso amene analembedwa kale m'Chingerezi. Aphunzitsi anga, mayi wina wachikulire wosaseka wamba, awamasulira m'Chijeremani. Koma kumasulira pakokha sikokwanira. Tiyenera kutsimikiza kuti mafunsowo akuyezadi chimene tikufuna, monga mmene munthu amayesera sikelo yatsopano asanayambe kugulitsira nyemba. Ntchito imeneyi ndiyo andipatsa ine, ndipo digiri yanga yagona pomwepo.

Mafunso ake ndi onga awa: Kodi mumadya pang'ono dala kusiyana ndi mmene mukufunira? Kodi mumakana chakudya mukapatsidwa chifukwa choopa kunenepa? Kodi mukadya kwambiri lero, mawa mumadzilanga? Anthu ambirimbiri akuyankha panopa, ndipo omwewo adzayankhanso miyezi ikubwerayi kuti tione ngati mayankho awo sasinthasintha. Ena timawaitanira m'chipinda, n'kuwaikira mabisiketi m'mbale, n'kuwauza kuti alawe atiuze okoma. Akatuluka ine ndimayeza mbale zija kuti ndione amene wadya kwambiri ndi amene wadziletsa. Inde amayi, mwana wanu anakwera ndege kudzayeza nyenyeswa za mabisiketi.

Tsopano ababa, nkhani ili kwa inu. Chithunzi cha pa Khirisimasi ndachilandira. Jekete lanu lakuda lija silikutsekanso. Ndikudziwa kuti mukanyamuka ndi lole ku Makata mumaima pa chiwaya chilichonse cha m'njira, ndipo shuga wa mu tiyi mumathira ndi dzanja lolemera. Pa msinkhu wanu zimenezi zimabweretsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chepetsaniko nyama ndi zamafuta, ndapota nanu. Ndikufuna mudzakhale nafe nthawi yaitali.

Mundiuze za mvula, ndi za kumudzi ngati mwamvako.

Ndine mwana wanu,
Mildred


Manja, Blantyre
16 Malichi 2003

Mwana wanga Mildred,

Landira moni kuchokera kwa ine mayi ako. Tinasangalala kumva kuti uli bwino ngakhale ukuzizidwa. Ife kuno tiliko. Mvula yavuta chaka chino, khoma la bafa linagwa, ndipo kumudzi ku Tengani madzi a Shire analowa m'munda wa amalume ako n'kukokolola mapira onse.

Kalata yako ndinapita nayo ku limana Lachinayi, n'kuwawerengera azimayi anzanga titatha kupemphera. Iwe unati tisaseke, koma anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wina anati, "Atsikana amenewo akanabwera kuno chaka chatha chija tinkagona pamzere wa chimanga, akanachira onse popanda mafunso." Ine ndinawayankha kuti matenda ndi matenda, mwana wanga sangapite kutali konseko kukasewera. Koma nanenso pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti munthu angaope bwanji bisiketi.

Za bambo ako, sindikudziwa kuti unawathira mankhwala anji. Kalatayo anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya. Chichokereni tsiku limenelo nyama akungoikankhira pambali. Paja anali atayamba kale kudandaula kuti nyama ya masiku ano ndi youma, ndiye iwe wangowonjezera. Lamlungu ndinapha nkhuku n'kuphika mpunga mmene amaukondera. Anadya pang'ono, akumwera madzi supuni iliyonse, akutafuna chinthu chimodzi ngati ng'ombe yobzikula, kenako anadzuka n'kutuluka panja. Nditafunsa anati, "Adokotala a ku Jeremani aletsa." Nkhuku yonse inathera kwa ana a Kingsford.

Ine sindikutsutsa sukulu yako. Koma kwathu mwamuna wonenepa ndi ulemu wa mkazi wake, ndipo kuphikira munthu wosadya kumagwetsa ulesi.

Ngati kumeneko kuli magalasi owerengera otchipa unditumizireko. Anga aja anathyoka mwendo, ndikuchita kumangira ndi ulusi.

Ndine mayi ako,
Idah Alufandika


Giessen
12 Epulo 2003

Okondedwa ababa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kuno mitengo yayamba kuphukira ndipo dzuwa layamba kuoneka.

Amayi andilembera kuti mwamvera malangizo anga. Kalatayo ndinaiwerengera m'basi, ndipo ndinaseka ndekha mpaka anthu kunditembenukira. Sindinkayembekezera kuti dalaivala wa zaka zonsezi angasiye chiwaya chifukwa cha mawu a mwana wamkazi. Zimene mukuchitazo ndi zomwe akatswiri kuno amalimbikitsa: kutafuna pang'onopang'ono, kumwa madzi pakudya, kudzuka musanakhutitsitse. Ndinawauza aphunzitsi anga za inu, ndipo kanali koyamba kuwaona akumwetulira. Pitirizani, ababa. Thupi likayamba kutsika musadabwe, ndicho tikufuna.

Amayi, ndikudziwa kuti muwerenga nawo. Musawakakamize. Mbale ikabwerera ndi chakudya sindiye kuti mwaphika moipa.

Ntchito ikuyenda. Funso limodzi linatisokoneza kwambiri. Mawu amene tinaika ponena za kudziletsa, achikulire ankawamva ngati tikufunsa za kusala kudya kwa pa Lenti, ndiye agogo onse opemphera ankaoneka ngati odwala. Talikonza, koma zatibwezera m'mbuyo. Magalasi ndapatsira sisitere wina amene akubwera ku Limbe kumapeto kwa mwezi uno.

Ndine mwana wanu wonyadira,
Mildred


Manja
25 Meyi 2003

Mildred,

Moni mwana wanga. Magalasi ndinalandira kwa asisitere, zikomo, ndi omwe ndavala polemba pano. Ndikanakonda ndikanawayamba ndi nkhani yabwino.

Iwe unati ndisawakakamize bambo ako. Ndinamvera. Koma uli kutali, sukuona zimene ndikuona ine. Munthu wochepetsa kudya amadyako ndithu. Awa akafika kuchokera kuntchito amangoti, "Ndadya kale," basi. Chakudya chimene ndimawaikira m'kontena m'mawa ndamva kuti amagawira alonda a pageti ku Makata. Lamba aboola mabowo ena ndi msomali. Mathalauza akuchita kupinda m'chiuno. Ndikafunsa amatulutsa kalata yako. Kutchalitchi anthu ayamba kundipatsa moni wachisoni, ndipo ukudziwa chimene anthu amaganiza masiku ano dalaivala akayamba kuonda.

Mwamuna akakana chakudya cha mkazi wake ndiye kuti kuli kumene akukhuta. Amake Sharon, aneba athu ogulitsa kaunjika ku Limbe aja, anandiuza kuti lole ya bambo ako imaima masana kuseri kwa msika, pa tiyirumu ya mayi wina dzina lake Tatu, mlongo wawo wa a Sidiki, dalaivala mnzawo uja. Mayiyo amuna ake anamwalira. Akuti bambo ako sakhala pabenchi ndi anthu ena, amalowa kuseri.

Lachiwiri ndinakwera minibasi. Lole ndinaipezadi. Ndinadutsa pakati pa anthu akumwa tiyi mpaka kuseriko, ndipo ndinawapeza atakhala pampando, kapu ili m'manja, mayiyo ataima pambali pawo ndi sefa, akuwayang'ana mmene ndinkawayang'anira ine tili achinyamata. Zimene ndinayankhula sindingazilembe kwa mwana. Anthu anasiya tiyi kudzaonerera. Mayiyo anati, "Mayi, khalani pansi, amuna anu akuuzeni okha." Ndinati sindikhala pansi pakhomo pa wolanda amuna a eni. Ndinatembenukira bambo ako n'kuti, "Yankhulani, a Gervazio. Chakudya changa chalowa chiyani?" Anangoyang'ana m'kapu.

Mawa ndikupita ku Tengani kwa amalume ako, poti ndiwo ankhoswe. Akandifuna akandipeze kumeneko. Ndinalowa m'banjali ndili mtsikana, sindinayang'anepo kumbali, ndipo ngati andibweretsera matenda Mulungu ndiye akudziwa. Iwe limbikira sukulu. Ukafuna kundilembera utumize kuparishi ya kumudzi.

Mayi ako,
Idah


Giessen
15 Juni 2003

Achimwene a Kingsford,

Muli bwanji ndi alamu ndi ana? Kusukulu kwanu ana akukhoza? Ine thupi lili bwino koma mutu wasokonezeka.

Kalata ya amayi yandipeza dzulo. Kodi zimenezi ndi zoona? Inu muli pafupi, bwanji simunandilembere? Ndaimba foni ya pagolosale ya ku Manja kangapo, mwini wake akuti akatuma munthu kunyumba ababa sakubwera kudzayankha. Ababa amene ndikuwadziwa ine ndi oti akachedwa panjira ankaimba kuchokera ku Mwanza kuti amayi asadandaule. Za mkazi wa ku Limbe zikundivuta kukhulupirira, koma amayinso si munthu wopeka nkhani.

Chonde pitani mukawaone. Za kuondazo, mwina achepetsa kudya mopitirira muyeso. Zimachitika, kuno ndikuziona tsiku ndi tsiku: munthu amayamba bwinobwino, kenako amalephera kusiya. Mukawayeze pasikelo mundiuze, ndiwalembere zoyenera kudya. Musandibisire kanthu ngati ndine mwana.

Ndine mlongo wanu,
Mildred


Bangwe, Limbe
6 Julaye 2003

Mlongo wanga Mildred,

Moni. Ine, alamu ako ndi ana tili bwino. Ndachedwa kukuyankha chifukwa ndimafuna ndikulembere zimene ndaona ndi maso anga. Ukhale pansi powerenga.

Amayi atapita ku Tengani ine ndinakwiya, ndipo ndinasiya kuponda ku Manja. Kalata yako ndiyo inandidzutsa. Loweruka lotsatira ndinapita nditakonzeka kukayankhula ndi ababa ngati mwamuna mnzanga. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete masanasana, a Sidiki ali pambali pawo. Mildred, ndikanakumana nawo mumsewu ndikanawapitirira. Khosi latsala mitsempha yokhayokha.

Atandiona anadzilimbitsa. Anati, "Aphunzitsi abwera, tiyeni timwe tiyi." Ananyika buledi mu tiyi, n'kuika m'kamwa, n'kumeza akundiyang'ana. Sipanapite nthawi, anatembenukira kumbali, zonse n'kubwerera, ndi tiyi yemwe. A Sidiki anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Gervazio, ine ndatopa kusenza katunduyu ndekha. Ukapanda kumuuza mwanayu ndimuuza ndine."

Ababa anangoweramitsa mutu, ndiye anandiuza ndi a Sidiki. Zinayamba chaka chatha mvula isanagwe, ali paulendo: nthuli ya nyama inawaima pachifuwa. Kenako mbatata inayamba kukana, kenako mpunga. Pofika Epulo chimene chinkadutsa ndi phala lamadzimadzi lokha. Ankaopa kuwapempha amayi phala lotere tsiku ndi tsiku, poti akanadziwa. Ndiye a Sidiki anawatengera kwa mlongo wawo, mayi Tatu aja, amene ankawaphikira phala la mkaka ndi dzira, n'kulisefa, n'kuwakhazika kuseri kuti makasitomala asawaone akulimbana nalo. Nkhani yonse ya mkazi wa ku Limbe ndi imeneyo.

Lolemba ndinawatengera kuchipatala chachikulu mochita kukakamiza. Anawalowetsa kapaipi kounikira kukhosi. Ndi khansa ya pammero, ndipo yakula. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti opaleshoni siingathekenso, chimene angachite ndi kuchepetsa ululu. Magazi anawayezanso, kachilombo alibe.

Ndinakwera basi ya ku Nsanje kukawatenga amayi. Nditawafotokozera sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye sefa ija inali ya phala?" Titafika kunyumba anaima pakhomo, ababa ali pampando, akuyang'anana. Kenako amayi anavula nsapato, n'kumanga chitenje, n'kulowa kukhitchini.

Ababa anandilumbiritsa kuti ndisakuuze mpaka utamaliza sukulu. Ndaphwanya lumbirolo chifukwa nawenso ndi bambo ako. Kalata yako ya Epulo ija ankayenda nayo m'thumba, aliyense wowafunsa za kuonda ankamuonetsa. Sindikunena izi kuti ndikuimbe mlandu. Nanenso anandionetsa, ndinaseka, n'kuwauza kuti akuoneka ngati mnyamata.

Ndine mlongo wako,
Kingsford


Manja
3 Ogasiti 2003

Mildred mwana wanga,

Ndine bambo ako. Ndikulemba ndekha, ndiye ukaona zilembo zikupendama usadabwe, dzanjali linazolowera chiwongolero. Uli bwanji kumeneko? Ine ndadzuka. Mayi ako anabwerera, akundisamala, ndipo kuntchito andipatsa tchuthi.

Kingsford wandiuza kuti unaimba foni pagolosale ukulira, ukuti ukusiya zonse ukwere ndege. Ameneyu ndamukalipira kale. Tsopano iwe undimvere. Unatiuza wekha kuti anthu ako aja ayenera kuyankha kachiwiri. Ukachoka panopa ntchito yonseyo yafera m'mazira, ndipo amene akukulipirira sukulu sadzakupatsanso mwayi wina. Ine ndayenda ndi katundu wa eni moyo wanga wonse. Sindinabwererepo panjira, ndinkakatsitsa kaye. Nawenso katsitse kaye.

Akutinso unanena kuti wandipha ndiwe. Mawu amenewo usadzawabwerezenso. Matendawa ndinawazindikira kalata yako isanalembedwe. Agogo ako aamuna, amene iwe sunawaone, anapita ndi omwewa ku Tengani ine ndisanakwatire. Ndinaona mayi anga akuyesa kuphika ichi ndi icho miyezi yambiri, akulirira kuseri kwa nyumba. Nyama itandiima pachifuwa tsiku lija ndinadziwa kuti mlendo uja wafika kwa ine, ndipo ndinati mayi ako asaone msanga zimene anaona mayi anga. Kalata yako itafika inali ngati mthunzi pamsewu wopanda mitengo, ndinangoimikapo galimoto. Wolakwa pamenepo ndine. Ndinalakwiranso mayi ako, ndi mayi Tatu amene anatukwanidwa pamaso pa makasitomala awo chifukwa cha ine.

Njala ndikuimva, usaganize kuti sindiimva. Aneba akamakazinga anyezi fungo limandipeza pakhonde pano. Ndiye atsikana ako aja ndimawaganizira. Poyamba ndinkawaseka ngati mmene anasekera azimayi a ku limana. Tsopano ndikudziwa mmene zimakhalira kukhala pafupi ndi mbale uli ndi njala, osadya. Kaya chowatseka iwo ndi chiyani, koma chimawawa. Uwathandize bwino.

Akuti umaliza Okutobala. Ubwere nthawi imeneyo. Ndidikira.

Bambo ako,
Gervazio Alufandika


Giessen
7 Seputembala 2003

Okondedwa ababa,

Mwadzuka bwanji? Amayi ali bwanji? Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri. Ndakumverani, ngakhale mtima sukufuna.

Anthu aja ayankha kachiwiri. Ambiri mayankho awo agwirizana ndi oyamba, ndipo amene mafunso awaonetsa kuti amadziletsa kwambiri ndi omwewonso madokotala anawazindikira paokha. Ndiye kuti sikelo yathu ikuyeza bwino. Aphunzitsi akuti tikalemba lipoti mafunsowa angayambe kugwiritsidwa ntchito m'zipatala. Anandigwira chanza. Ine sindinamve kukoma kulikonse.

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina woonda kwambiri. Anatenga bisiketi, n'kuinunkhiza, n'kuibwezera m'mbale. Kale ndikanangoyeza mbaleyo n'kulemba nambala. Ulendo uno ndinamutsatira mpaka pakhomo n'kumufunsa ngati chakudya chimadutsa bwinobwino akameza. Anandiyang'ana modabwa, nati chimadutsa. Funso limeneli pamafunso athu palibe, ndipo inunso sindinakufunseni.

Tikiti ndagula. Nditsika pa Chileka pa 11 Okutobala masana. Ndapezanso ufa wina wosungunula m'madzi umene kuno amapatsa odwala ovutika kumeza, akuti umapatsa mphamvu. Ndadzaza theka la sutikesi. Musavutike kubwera kubwalo la ndege, kuli fumbi ndi mphepo. Mudzandidikire pakhonde.

Ndine mwana wanu,
Mildred


Manja
28 Seputembala 2003

Mwana wanga Mildred,

Moni. Ndikhulupirira kuti anzako kumeneko akukusamala ndipo sukukhala wekha. Ife tabwerako ku Tengani Lachisanu. Tsiku lija Kingsford atandipatsa foni kuti ndiyankhule nawe mawu anandithawa, ndiye ndati ndilembe.

Bambo ako tinawaika pafupi ndi bambo awo. Anthu anabwera ambiri. Akuntchito anapereka lole, ndipo anayendetsa ndi a Sidiki kuchokera pa Manja mpaka kumudzi, osalola wina kugwira chiwongolero. Kalata yako tinaipeza titabwerera. Kingsford anayamba kundiwerengera koma sanamalize, ndinamaliza ndekha. Tikiti usasinthe. Ubwere tsiku lomwelo, tidzapite limodzi ukaone pamene agona. Ufa wagulawo ubwere nawo ndithu, kuchipatala kuja ndinaona ena ambiri a matenda omwewa.

Kwa mayi Tatu ndinapita mwezi watha. Ndinanyamula nkhuku, ndipo ndinafika masana dala, makasitomala atadzaza, chifukwa ndinawanyozera pagulu. Ndinagwada pakhomo. Anandidzutsa msanga n'kunena kuti, "Mayi, ukwati ndinakhalamo inenso. Ndikanakhala ine ndikanaswa ndi makapu omwe." Kenako anandilowetsa kukhitchini n'kundionetsa mmene ankasefera phala lija kuti lisatsale ndi kambulu ngakhale kamodzi. Zaka zonsezi ndaphikira bambo ako, koma phala lawo lomaliza ndinakaphunzira kwa munthu amene ndinamutukwana. Pamaliro anabwera, anakhala nane pamphasa mpaka tsiku loika.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi ija ndinakhala ku Tengani ndikudikira kuti abwere adzandipepese, iwo ali okha m'nyumba muno. Ndinawauza zimenezi. Anati tonse tinapusa, tisawerengerane.

Kumapetoku ngakhale madzi ankavuta. Ndinkangowanyowetsa milomo ndi kansalu. Ife tinkadyera kukhitchini mobisa, titatseka chitseko, kuti asamve fungo. Lamlungu lawo lomaliza nditabwera ku Misa anandiitana. Anati, "Make Kingsford, mukundibisira chiyani? Nyumba yosanunkhira ndiwo ndi nyumba yanji? Kaguleni mlamba wouma, muphike ngati kwathu, mudyere pano ine ndikuona."

Ndinapita ndekha kumsika wa Limbe kukasankha. Ndinaphika ndi matimati ndi nsinjiro, ndi mpunga pambali. Tinawakhazika pampando titawatsamiritsa mapilo, Kingsford ndi mkazi wake ndi ana atazungulira tebulo. Palibe amene ankafuna kuyamba. Iwo anati, "Idyani, ine ndikuyang'anira." Ana anayamba, ife tinatsatira, chakudya chikutiima pakhosi ifenso. Ankayang'ana aliyense, mmodzimmodzi. Kenako anatambasula dzanja. Ndinanyema kachidutswa kopanda minga n'kuwaika m'kamwa. Anatseka maso, anatafuna nthawi yaitali, n'kulavulira m'kansalu kamene ndinawagwirira.

Anati, "Make Kingsford, mchere wachepa."

Ndinkadziwa kuti sameza. Iwonso ankadziwa. Koma ndinadzuka, ndinapita kukhitchini kukatenga mchere, ndinathira, ndinatakasa, n'kuwapatsanso kachidutswa kena. Anatafuna, n'kugwedeza mutu kuti tsopano zili bwino.

Anatisiya Lachitatu m'mawa, ine ndili pambali pawo.

Ndine mayi ako,
Idah